Odina Ayi Sawerengedwa

Mdzukulu wanga ali ndi matenda akugwa. Ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, wamakani ngati malemu mayi ake, ndipo akangophonya mankhwala masiku awiri amagwa paliponse pamene matendawo amupezera, kaya pampope, kaya pamsewu, kaya pafupi ndi mbaula. Mwendo wake wakumanzere uli ndi chipsera cha phala lamoto. Mapiritsi ake ndi aang'ono, oyera, owawa. Ndinayesa kuwabisa mu nthochi, amalavula. Ndinayesa shuga, ndinayesa kuopseza, ndinayesa kulira. Amangotseka pakamwa n'kundiyang'ana.

Amene ankatha kumumwetsa anali mayi ake, mwana wanga wachiwiri. Iyeyo atayamba kudwala n'kuona kuti mphamvu zikupita, anafotokozera nesi wa kumene timakatenga mankhwala mwezi ndi mwezi. Nesiyo anamuikira pulogalamu ina m'foni, yaulere, yokumbutsa nthawi ya mankhwala. Inali ndi poti munthu ujambule mawu ako, kuti nthawi ikakwana m'malo mwa belu pazimveka iweyo. Mwana wanga anajambula atakhala pakhonde pathu ku Matawale, tambala wa aneba akulira kumbuyo. Anati, "Iwe, tabwera kuno. Kamwa aa. Meza. Eya, mwana wa ine." Basi. Patapita miyezi inayi tinamuika m'manda.

Kuyambira pamenepo, sikisi koloko m'mawa ndi sikisi koloko madzulo foni inkayankhula, mtsikana n'kuthamanga, n'kuyasama, n'kumeza. Ine ndinkangogwira kapu. Chaka ndi theka anagwa kawiri kokha.

Pali china chimene ndiyenera kunena, ngakhale sichindikomera. Tsiku limene pulogalamuyo inalowa m'foni ndinali pomwepo. Inatulutsa funso m'Chichewa: kodi mukulola kuti opanga pulogalamuyi azidziwa mbali zimene mumagwiritsa ntchito? Mwana wanga anali atatambasula kale chala kuti adine Eya. Ndinamugwira dzanja. Ine ndinaonapo anthu akubwera ndi mabuku kudzalemba mayina athu, akumwetulira, ndipo dzina langa linatulukira pamalo amene sindinaliike. Amuna anga atamwalira, amene anandithandiza kulemba mndandanda wa katundu ndi amene anabwera ndi lole kudzautenga. Komanso matenda a mwanayu anthu amawanena zambiri. Ena amaletsa ana awo kudya naye mbale imodzi. Ndiye wina wosaoneka nkhope azidziwa nthawi imene timamwa mankhwala? Ndinadina ndekha Ayi.

Sindinalekere pomwepo. Pamzere wa kuchipatala timakhala amayi ambiri, agogo, azakhali, aliyense ndi wodwala wake, ndipo nesi ankaikira pulogalamuyo aliyense amene ali ndi foni yoyenera. Ine ndinkadutsa benchi ndi benchi. "Ikakufunsani, mukane. Amene watsegula kale, bweretsani nditseke." Ankandimvera, poti ndinakhalapo mlembi wa amayi kutchalitchi ndipo ndimaoneka ngati wodziwa zinthu. Ambiri mwa iwo anajambulanso mawu, wina a bambo amene ali ku Joni, wina nyimbo imene mwana wake amaikonda.

Chaka chatha, nthawi yozizira, batire la foni linatupa mpaka chivundikiro kukwezeka. Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mafoni pamsika. Sindinamusiyire. Ndinaima pafupi, maso pa zala zake.

"Agogo, mukundiyang'ana ngati ndakuberani nkhuku."

"Ikanakhala nkhuku ndikanakusiyirani, achimwene. Gwirani ntchito."

Anasintha batire, anayatsa, anadinadina kanthawi, ine ndikuona chilichonse koma osamva kanthu. Pondipatsa anati, "Ndakuikiraninso basela. Mapulogalamu anu onse anali akalekale, ndawasintha akhala atsopano." Ndinathokoza. Ndinathokoza ndithu, ndi manja awiri.

Sikisi koloko madzulo foni inangoti ngli, ngli, ngli. Mtsikana anali atafika kale pakhomo, akuyembekeza. Anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Amayi ali kuti?"

Ndinafufuza paliponse. Malo ojambulira mawu aja kunalibe. Tsiku limenelo sanamwe. M'mawa mwake sanamwe. Wokonza mafoni anati zobwezera kumbuyo iye sazitha, zimenezo n'za eni pulogalamu. Tsiku lachitatu mwana anagwa pampope, pa simenti, dzino lakutsogolo n'kubenthuka. Ndinamugoneka chammbali, ndikuwerenga nthawi mumtima monga anatiphunzitsira kuchipatala, amayi ena ataima patali ndi zidebe zawo.

Ndinapita kwa nesi ndisanasambe n'komwe. Ndinamuuza kuti andilozere ofesi ya eni chinthuchi.

"Ofesi kulibe, amama. Si kampani. Ndi anthu ongodzipereka, ena kuno, ena kunja, amapanga akaweruka kuntchito zawo. Salipidwa."

"Chinthu chopanda mwini? Nanga wachotsa mawu a mwana wanga ndani?"

Anatsegula tsamba lina pafoni yake, lonse m'Chingerezi, n'kumandimasulira. Kumeneko ndi kumene amagamulira nkhani. Munthu akafuna kuchotsa kapena kuwonjezera kanthu amalemba maganizo ake, anzake n'kudikira masabata awiri. Pakapanda wotsutsa, nkhani yadutsa. Limenelo ndilo lamulo lawo: kukhala chete amakuyesa kuvomera. Nkhani ya mawu ojambula inakhala pamenepo masabata ake awiri, anthu atatu anaikapo kachizindikiro ka chala chachikulu, wotsutsa sanapezeke.

"Ndipo apa alemba kuti atayang'ana chiwerengero, palibe amene amagwiritsa ntchito mbali imeneyi."

"Palibe? Ine ndine chitsa?"

Nesi ankadziwa zimene ndinkachita pamzere, poti anandiletsapo kamodzi. Anafunsa motsitsa mawu, "Pa funso lija, inu munadina chiyani?"



Analembabe patsambalo m'malo mwanga. Yankho linabwera m'mawa mwake, laulemu, lothokoza kwambiri, lonena kuti nkhaniyo inatsekedwa. Koma nesi anandiuzanso kuti a kuno ku Zomba amakumana kamodzi pamwezi, ndipo Loweruka limenelo akakhala kuphiri, pafupi ndi damu la Mulunguzi. Mmodzi wa iwo anali mayi amene anabwera kudzaphunzitsa manesi, wovala mpango wachisilamu, wokhala ku Chinamwali.

Mwana ndinalibe womusiyira, kapena ndinene kuti ndinalibe amene ndikanalola kumusiyira. Tinakwera njinga yamoto, iye pakati, nditamumangirira pamimba panga ndi chitenje kuti akagwa agwere mwa ine. Makona onse aja ndinkamvetsera msana wake ngati wauma. Ndakhala pansi pa phiri limeneli zaka zoposa makumi anayi, madzi ake ndimamwa tsiku ndi tsiku, koma pamwamba ndinali nditafikako kamodzi kokha, pa ulendo wa tchalitchi.

Tinawapeza pansi pa mitengo ya paini, anthu asanu, makompyuta pa miyendo, pakati pawo mbale ya mabulosi ogula kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Kunali chifunga. Ine ndinkayembekeza mabwana. Awa anali anthu wamba, wina atavala juzi yong'ambika pachigongono. Ndinafunsa kuti wapampando ndi ndani.

"Tilibe wapampando, agogo," anatero bambo wina wandevu. "Tili ndi wolongolola kwambiri basi."

"Ndi iyeyo," anatero mayi wa mpango uja, akuloza wandevuyo. "Takhalani apa. Mwana wazizidwa, mupatseni ichi." Anavula shawelo yake.

Anati ndidikire amalize zimene zinali pa mndandanda. Ndinakhala ndikumva akukangana za kukula kwa zilembo, za batani loti likhale kumanja kapena kumanzere, wina akunena mnzake kuti amalemba pulogalamu ngati akulima m'dimba la eni. Ankaseka. Ine ndinkayang'ana milomo ya mwana. Nthawi yanga itakwana ndinafotokoza zonse, ndinamuuza mtsikana ayasame aone dzino. Palibe anaseka.

Wandevu ndiye anayankha. Sanazembe, zimenezo ndimuyamikire. Anati mbali ya mawu ija anailemba munthu wina amene anasiya kalekale, ndipo otsala palibe ankaimvetsa bwino. Anati m'mafoni ena otsika mtengo, mawu ojambulawo akawonongeka, pulogalamu inkangokhala duu osalira n'komwe, munthu n'kuphonya mankhwala osadziwa. Madandaulo a zimenezo ankabwera ndithu. Ndiye mbali imodzi kunali anthu odandaula amene ankawaona, mbali ina kunali chiwerengero chosonyeza kuti mawuwo sawafuna aliyense.

"Inu mukanatani, agogo?"

"Ndikanafunsa."

"Tinafunsa. Masabata awiri."

"Munafunsa kuti? M'Chingerezi, patsamba lofuna bandulo? Munafunsana nokhanokha, achimwene. Mwaitana msonkhano m'chipinda chanu chogona, ndiye mukuti mudzi sunabwere."

Mayi wa mpango anati, "Zimenezo ndinanenapo ine."

"Unanena titatseka kale," anatero wandevu. Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma inunso tinakufunsani, m'Chichewa, tsiku loyamba. Funso limodzi lokha. Sititenga dzina, sititenga nambala, timangowerenga kuti batani ili ladinidwa kangati. Munakana. N'zololedwa kukana, tinaikapo dala. Koma wokana sitimuona."

"Ndingadziwe bwanji kuti simutenga dzina?"

"Zonse zili poyera. Aliyense akhoza kuwerenga." Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Inali mizere ya tizilembo tobiriwira ndi tofiira, ngati linthumbu likusamuka.

"Poyera pa ndani?" ndinatero.

Koma ine ndinkadziwa chimene iye sankadziwa. Ndinachinena. Ndinawauza kuti si ine ndekha, kuti pamzere wathu amayi ambiri ali ndi mawu m'mafoni mwawo, ndipo onse anakana chifukwa ine ndinawauza, ena ndinawatsekera ndi chala changachi. Wandevu anagwira kumutu. Wina mwa iwo anangoti, "Ndiye chiwerengero chathu chija munachidya ndinu, agogo."

"Ndinachidya ndine. Tsopano bwezerani."

Apa ndi pamene ndinaphunzira lamulo lawo lachiwiri. Kwa iwo chinthu sichibwerera chifukwa wina walira. Chimabwerera pakapezeka woti achinyamule, achikonze, n'kumachisamalira chikawonongeka, chifukwa palibe angalamule mnzake, poti palibe amalipira mnzake. Wandevu anafunsa kuti anyamula ndani. Anayang'anana. Wina anati ali ndi mwana wakhanda. Wina anati mbali imeneyo anayesapo, inamugonjetsa. Wandevu anati iye sakuvomerezabe, pokhapokha vuto la kusalira lija litatheratu, chifukwa ana enawo nawonso ndi ana. Ndinafuna kumutukwana, koma ndinalibe pomugwira.

Mayi wa mpango anati ayesa, koma iye amapeza mpata Lamulungu lokha. Anati atsegulanso nkhaniyo patsamba, anzawo akunja anenepo maganizo awo, ndipo pakufunika ogwiritsa ntchito enieni aonekere.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kudikira kokha ndi masabata awiri. Kukonza, mwina miyezi."

Masabata awiri omwewo. Ndinayang'ana mwana, anali akudya mabulosi mbali imodzi ya kamwa, kupewa dzino. Anali atamwa piritsi limodzi lokha m'masiku asanu. Ndinagwada. Ine amene sindinagwadire abale a amuna anga tsiku la lole, ndinagwada pa masamba a paini pamaso pa anthu amene ndikanatha kuwabereka. Mayi uja anandidzutsa msanga, akuti ndisamuchimwitse.

Anandikokera pambali. Anati za pulogalamu tizisiye kaye. Mawuwo mwina akadali m'foni, pakona ina imene pulogalamu yatsopano siyang'anako, koma foni ikamadzaza imafufuta zotere pang'onopang'ono. Akhoza kuyesa kuwatulutsa. Zipangizo zinali kwawo ku Chinamwali, ndipo ankafunika kufunsa mnzawo wa dziko lina amene amadziwa mafoni a mtundu umenewu. Ndimusiyire foni mpaka Lolemba.

"Ndipita nanu. Ndikhala pakhonde."

"Masiku awiri, amama? Ndi mwanayu?"

"Mukulonjeza kuti muwapeza?"

"Ayi. Sindikulonjeza."

Akanalonjeza sindikanamupatsa. Foni imeneyo inali isanagonepo kunja kwa nyumba yanga. Munali zithunzi za mwana wanga, manambala, mauthenga ake omaliza. Nthawi yokhayo imene inagwiridwa ndi mlendo ndinali nditaima pomwepo, maso ali tong'o, ndipo ndi pamene zinaonongekera. Ndinaikulunga mu kampango kanga ka m'manja n'kuipereka. Ndinamuuzanso pamene ndimakhala, chinthu chimene sindichita. Potsika ndinauza wa njinga atsatire galimoto imene mayiyo anakwera, mpaka ndinaona chitseko chimene analowa. Chinali chobiriwira. Kenako tinabwerera ku Matawale.

Za Lamulungu lija sindifuna kulemba zambiri. Mwana anagwa m'mawa, ndisanamalize kumuveka za kutchalitchi. Madzulo ndinamupanikiza ndi mawondo, ndinamutsina mphuno, ndinakankha piritsi ndi chala. Anandiluma mpaka magazi. Piritsi linalowa, koma atadzuka anakakhala kuseri kwa nyumba, osandiyankhula. Ndinadziwa kuti njira imeneyo sindingaiyende kawiri patsiku mpaka adzakule.

Lolemba mayi uja anabwera yekha ataweruka, dzuwa likupendeka, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anakana mpando, anakhala pa mkeka. Anati wawapeza, koma si onse. Koyambirira kunadyeka. Wawaika ngati belu wamba la foni, losadalira pulogalamu iliyonse, ndipo wawasunganso m'kamemori kamene anandipatsa m'manja, kuti foni ikadzafa asadzapite nayo.

Tinadikira sikisi koloko. Ndinatenga kapu ndi piritsi. Foni inayamba ndi phokoso ngati la mvula pa malata, kenako tambala uja, kenako mwana wanga: "Meza. Eya, mwana wa ine."

Mtsikana anaima pakhomo. Sanasunthe. Mayi uja analizanso mawuwo. Anamvetsera mutu uli chopendeka, n'kunena kuti, "Sanandiitane."

Ndinauza mayiyo abwerezenso. Phokoso lija litangoyamba ndinayankhula ine, osayesa kutengera mawu a malemu, ndi mawu angawa okalamba. "Iwe, tabwera kuno. Kamwa aa." Tambala analira. Foni inati, "Meza." Mwana anabwera pang'onopang'ono, maso ali pa foni osati pa ine, anayasama, anameza.

Mlendo wanga asananyamuke anapempha chinthu chimodzi, kuti ndikayankhule ndi amayi a pamzere, chifukwa mafoni awo nawonso tsiku lina adzasinthidwa. Anatsegula funso lija n'kundipatsa foni. Ndinamufunsa ngati iyeyo anawerengadi tizilembo tija, tonse. Anati mbali yowerengera anthu anaiwerenga yekha, mzere ndi mzere. Ndinayang'ana fumbi la pa nsapato zake. Ndinadina Eya.

Pamzere sizinayende bwino. Ndinadutsa benchi ndi benchi monga kale. Wina anati, "Si inu munati atibera mayina? Akupatsani chiyani kuphiriko?" Wina anabisa foni m'bulauzi nditangoyandikira. Kukana kuja ndinali nditawaphunzitsa bwino kwambiri. Amene anavomera ndi anayi, ndipo mmodzi wa iwo mawu a mwamuna wake anali atapita kale. Nesi amati nkhani ija ikadali yotsegula patsamba, mayi wa mpango amakonza Lamulungu lililonse, wandevu amayesa n'kubweza, amayesa n'kubweza. Ndikamufunsa kuti itha liti amangoti palibe angadziwe.

Kunyumba kuno ndimayamba kuyang'ana wotchi ikamakwana hafu faifi. Sindipita kumaliro akutali, sindichedwa kumsika, chifukwa foni payokha simuitana. Phokoso lija likayamba ndili ndi kanthawi kochepa, tambala asanalire, koti ndinene mbali yanga. Ndikachedwa, kapena ndikatsokomola, mwana amatseka pakamwa ndipo timayambiranso. Masiku ambiri amameza. Dzulo anandiuza kuti ndikufulumira kwambiri pa "kamwa aa", amayi ake ankakoka. M'mawa uno ndinakoka.